Njinga yabwino ni imene ingakonzeke pa Kacholola

Masiku ano acinyamata ambili mu Lusaka na mu Chipata ayamba kukonda njinga. Pa Facebook na pa WhatsApp pali magulu a anthu amene amachova pa Ciwelu m'mamawa, ndipo ena ayamba kupangana zakuti pa holide akafike kumudzi pa njinga: ku Nyimba, ku Petauke, olo kupitilila mpaka ku Katete kukaonelela Kulamba mu August. Ni maganizo abwino ngako. Koma funso limene ambili amayamba nalo ni lakuti, "Nigule ya magiya angati?" Kwa ine funso loyamba ni ili: njinga iyi ikawonongeka pakati pa ulalo wa Luangwa na Nyimba, adzaikonza ndani, ndipo sipeya yake idzacokela kuti? Mukayankha limeneli, mafunso ena onse amapepuka.

Mseu wa Great East ambili timaudziwila pa windo la basi. Pa njinga umakhala mseu wina. Kucoka mu Lusaka kukafika pa Luangwa ni makilomita opitilila 200, ndipo mukalibe kuona mtsinje mumayamba mwalimbana na mapili a Manenekela. Mukaoloka ulalo uja, umene unatsegulidwa mu 1968, mumayamba kukwela. Kucoka pamenepo kukafika pa Nyimba ni makilomita pafupi-fupi 100, ndipo mbali yaikulu ni zitunda na makona. Pakati pali Kacholola na midzi yotalikilana. Kucoka pa Nyimba kukafika pa mphambano ya ku Petauke, kupitila ca ku Minga, ni makilomita ena pafupi-fupi 70. Mu October kucigwa ca Luangwa kumatentha mpaka madigili 40. Munthu amene wilo yake yapindika masana pa malo otelo sakhala na nthawi yoyamikila penti ya njinga yake.

Lowani m'kashopu ka masipeya pa Nyimba olo pa msika wa Petauke muone zimene zili pa shelefu. Mudzapeza matayala na machubu a saizi 28 na 26, masipoko, macheni a njinga ya giya imodzi, mabolo, makotapini, maekiselo, labala za mabuleki, pampu na solushoni. Izi n'zimene zimagulidwa tsiku lililonse, cifukwa njinga za kuno zimasenza malasha, nshawa, cimanga, nthoci, mbuzi, ana a sukulu na odwala. Wa shopu sangatsekele ndalama zake m'cinthu cimene cimafunidwa kamodzi pa caka. Lomba ganizilani mnyamata amene wafika na njinga ya salaula yocokela ku Ulaya, ya mawilo 29, mabuleki a mafuta na cheni yopyapyala ya magiya 11. M'tauni anthu anali kuceuka akamapita. Kuno paipi ya buleki ikadontha, makanika wa pansi pa mtengo wa mango adzangoiyang'ana n'kupukusa mutu. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Nkhani ya matayala imagwetsa ambili, conco imvetseni bwino. Nambala ya mainchesi imanamiza. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala ena awili, monga 40-635 olo 47-559. Nambala yaciwili ndiyo kukula kwa limu m'mamilimita, ndipo ndiyo yofunika. Tayala ya 28 ya njinga zakuda za makolo athu ni 635. Koma njinga zambili za ku Ulaya zimene nazonso zimalembedwa 28 ni 622. Kusiyana ni mamilimita 13 cabe, koma tayala ya ina singalowe pa limu ya inzake, olo muikakamize na masipuni onse a m'nyumba. Ya 29 nayonso ni 622. Ya 27.5 ni 584. Ya 26 ya mauntini baiki ni 559, ndipo palinso 26 ina ya njinga zakale imene ni 590. Mukalibe kupeleka ndalama, welengani nambala imeneyi. Ngati ni 635 olo 559, tayala mudzaipeza m'maboma a m'mbali mwa mseu uno. Ngati ni ina, ndiye kuti tayala yapadela muyenela kuyenda nayo kucokela kunyumba.

Ife a kum'mawa njinga tinaidziwa kale. Ku Chipata kunali fakitale ya Luangwa Industries imene inali kumanga njinga za Eagle, ndipo dzina limenelo likali m'kamwa mwa anthu. Agogo athu anali kunyadila Humber na Raleigh za ku England, pambuyo pake kunabwela Hero ya ku India na Phoenix ya ku China. Njinga zonsezi n'zapacibale: felemu ya nsimbi, giya imodzi, mabuleki a ndodo, mawilo 28. Sipeya ya ina kambili imalowa pa inzake. N'cifukwa cake njinga imene inagulidwa na ndalama za thonje zaka 30 zapitazo ikali kupita ku cigayo lelo.

Citsanzo cina ni Buffalo. Bungwe la World Bicycle Relief linayambitsidwa mu 2005 na F.K. Day na Leah Missbach Day, ndipo Zambia ni limodzi mwa maiko oyambilila kumene linasewenzela. Bambo Day ni mmodzi mwa amene anayambitsa SRAM, kampani ya ku Chicago imene imapanga magiya odula a njinga za mpikisano. Koma atafuna njinga yopatsa osamalila odwala na ana a sukulu a kumidzi, sanatumize magiya amenewo. Anapanga njinga ya nsimbi yolemela makilo opitilila 20, ya giya imodzi, buleki yoponda cam'mbuyo, na kaliyala yonyamula makilo 100. Anaonetsetsa kuti masipeya wamba aziloweka, ndipo anaphunzitsa amakanika m'midzi mmene njingazo zinapita. Munthu amene anali na magiya onse m'manja mwake anasankha njinga yosavuta kukonza. Pali phunzilo pamenepo.

Wina adzati, "Nanga zitunda za Kacholola nidzakwela bwanji na giya imodzi?" Funso limeneli n'lomveka, ndipo sin'kamba kuti magiya ni oipa. Pa citunda cacitali uli na katundu, giya yopepuka imapulumutsa mawondo. Pali njila ziwili. Yoyamba ni ya amene ali na njinga yakuda olo ina ya giya imodzi: cinjani sipuloketi ya kumbuyo. Njinga zambili zotelo zimabwela na mano 44 kutsogolo na 18 kumbuyo. Mukachova kamodzi, wilo imazungulila kawili na hafu, kutanthauza mamita opitilila 5. Mukaika ya mano 22 kumbuyo, wilo imazungulila kawili cabe, mamita 4 na hafu osakwana. Pa malo osalala mudzacepetsako liwilo, koma pa citunda miyendo idzapuma. Cheni ifunika kuwonjezelako pang'ono, ndipo makanika aliyense amaidziwa nchito imeneyi. Citunda cikakula ngako, tsikani mukankhe. Onyamula malasha amatelo tsiku lililonse ndipo amafika.

Njila yaciwili ni mauntini baiki yakale ya felemu ya nsimbi, mawilo 26, magiya atatu kutsogolo na 6 olo 7 kumbuyo, na mabuleki a waya ogwila pa limu. Iyi ndiyo nimalangiza amene afuna kuyenda mtunda wautali. Felemu ya nsimbi ikang'ambika, wowochelela ma geti na ngolo za ng'ombe angaigwilizanitse mpaka mukafike. Ya aluminiyamu imafuna makina ena amene kumidzi kulibe. Waya wa buleki amapezeka paliponse. Cheni ya magiya 6 olo 7 ni yokhuthala, imakhalitsa, ndipo siyodula. Cosinthila magiya cikathyoka, mungafupikitse cheni n'kuikoleka pa giya imodzi ya pakati, ulendo n'kupitiliza. Koma cenjelani na mauntini baiki zochipa zonyezimila, za masipuling'i kutsogolo na pakati. Sipuling'i yochipa imadya mphamvu zanu pa citunda, imayamba kugwedela pakapita miyezi yocepa, ndipo imalepheletsa kumanga kaliyala yolimba.

Mwina munawaonapo azungu a Tour d'Afrique akupita pa mseu uno. Ulendo wawo unayamba mu 2003, ndipo panthawiyo anachova kucoka ku Cairo mpaka ku Cape Town, makilomita opitilila 10,000 m'miyezi pafupi-fupi inayi. Njinga zawo n'zokongola, zoona. Koma kumbuyo kwawo kumabwela mathilaki onyamula zikwama, cakudya, masipeya na makanika. Imwe thilaki yanu ni kaliyala. Musatengele njinga ya munthu amene ali na galaji yomutsatila.

Lomba tikambe za kukonzekela njinga imene muli nayo. Yambani na mawilo, maka-maka ya kumbuyo, cifukwa ndiyo imasenza imwe na katundu. Ikhale ya masipoko 36 olo kupitililapo. Ngati mudzanyamula zolemela, pemphani masipoko okhuthala. Gwilani masipoko awili-awili n'kuwafinya kuzungulila wilo yonse. Akapezeka olefuka, pelekani kwa odziwa kuwongola wilo, cifukwa sipoko imodzi ikaduka anzake amatsatila. Masipoko a mbali ya cheni ndiwo amaduka kambili, ndipo kuti mulowetse ina mpaka fuliwilo icoke. Zungulutsani wilo muone ngati limu ikhudza labala za buleki. Mkati mwa limu mukhale lamba wophimba mitu ya masipoko. Chubu yakale yodulidwa bwino imagwila nchito imeneyo.

Kenako mabolo. Gwilani wilo n'kuigwedeza cam'mbali. Ikamalila kuti khwe-khwe, makoni alefuka olo mabolo adyeka. Citani cimodzi-modzi na mapedulo, pakati pamene pamazungulila miyendo ya mapedulo, na pakhosi pa foloko. Mabolo ni ochipa, koma mukawalekelela amadya habu yonse. Mukalibe kunyamuka, masulani, tsukani na palafini, ikani mabolo atsopano na gilizi. Saizi imasiyana: a wilo ya kumbuyo amakhala aakuluko kuposa a kutsogolo, conco tengani akale mukaonetse ku shopu. Ngati njinga ni ya kotapini ndipo mwendo wa pedulo umagwa pang'ono mukaponda, cinjani kotapini lelo lomwe. Ndipo kumbukilani kuti pedulo ya kumanzele imamasukila kumbali yosiyana na manati wamba. Ambili aononga mazinga cifukwa cosadziwa zimenezi.

Cheni imaoneka monga siitha, koma imatha. Bwelekani tepi ya atelala. Pa cheni yatsopano, mukaika ziilo pakati pa pini imodzi, pa mainchesi 12 pamakhalanso pini ndendende. Ngati pini yapitilila na mamilimita atatu, cheni yatha ndipo yayamba kudya mano a sipuloketi. Pothila mafuta, dontho limodzi pa mfundo iliyonse n'lokwana, kenako pukutani kunja na kansalu. Oilo yakuda yokhetsedwa mu injini ya motoka ili na tuzitsulo, ndipo ikasakanizika na fumbi la mseu wa ku Nyalugwe olo ku Ukwimi imakhala monga msasa wopalila nsimbi. Gulani kabotolo ka oilo yoyela. Cheni ya njinga ya giya imodzi isalefuke kwambili, maka-maka ngati buleki ni yoponda cam'mbuyo, cifukwa cheni ikagwa pa mtsetse buleki nayo yapita.

Mabuleki ndiwo moyo wanu pa mitsetse ya ku Luangwa. Labala zikhale zatsopano, zigwile pa limu osakhudza tayala. Waya amene wayamba kumasuka tunsinga, cotsani. Pa mtsetse wautali musagwile buleki mosalekeza, cifukwa limu olo habu imatentha. Gwilani, tayani, gwilaninso, ndipo ikatentha ngako imani pamthunzi izizile. Zimene ena amacita zoponda tayala na patapata n'zoyesa Mulungu.

Za kunyamula sizifunika kukhala zambili. Pampu yogwilizana na vavu ya chubu yanu, cifukwa mavavu ali mitundu itatu ndipo pampu ina siilowa pa ina. Machubu awili apadela, zigamba na solushoni. Sipanala ya 15 ya manati a mawilo, sipanala yosinthika, pulayasi, sikuludilaiva, na makiyi a alani ngati njinga yanu ili na mabauti otelo. Masipoko anayi olo asanu a saizi yanu, omangilila ku felemu, na kakiyi kake. Waya umodzi wa buleki, mfundo zocepa za cheni, kacidutswa ka tayala yakale koika mkati tayala ikang'ambika, na malegeni. Pomata chubu, palani pamalopo, pakani solushoni yocepa, ndipo yembekezani mphindi zisanu iume mukalibe kuika cigamba. Ambili amamata ikali yonyowa, n'kumati solushoni ni yabodza. Mukalibe kubweza chubu, pitishani cala mkati mwa tayala mupeze munga umene unalasa.

Katundu asakhale pamsana. Cikwama ca kumsana cimatopetsa mapewa na kuwawitsa pokhalila. Zikwama za njinga za m'mashopu a m'tauni n'zodula, koma zigubu ziwili zodula pamwamba, zomangilila uku na uku kwa kaliyala, zimagwila nchito imodzi-modzi ndipo mvula siilowa mukaphimba. Zolemela ziikeni pansi, ndipo mbali zonse zilemele mofanana. Cishalo cikwezeni mpaka pamene mwendo umawongoka mukaika cidendene pa pedulo ili pansi. Cishalo cotsika ndico cimapweteka mawondo.

Thupi nalo ni injini. Nyamukani kukangoyela, pumulani dzuwa likafika pamutu, mupitilize kumadzulo. Madzi nyamulani malita atatu olo kupitilila pa cigawo ca Luangwa na Kacholola, ndipo dzazani paliponse pamene mwapeza mjigo. Mukatuluka thukuta kwambili, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino na tumasipuni 6 twa shuga na hafu ya kasipuni ka mcele. Cakudya mseu uno uli naco: nsomba pa Luangwa, nthoci pa Nyimba, nshawa, mbatata na vitumbuwa m'misika ing'ono-ing'ono. Wosazolowela asayambe na makilomita 100 pa tsiku. Yesani coyamba 30, kenako 50, muli na katundu yense amene mudzanyamula. Zofooka za njinga na za thupi zionekele pafupi na kunyumba.

Coopsa cacikulu pa Great East ni mamotoka. Mabasi a ku Chipata na mathilaki opita ku Malawi amathamanga, ndipo pa kona dilaiva amakuonani mocedwa. Yendani kumanzele, valani zowala, mangani galasi loonela kumbuyo, ndipo mukamva thilaki pa malo opanikiza patukani mutsike m'mbali. Usiku musayende. Ngati mdima wakupezani, toci yoyela kutsogolo na nyali yofiila kumbuyo zikhale zoyaka. Helemeti ivaleni olo anzanu aseke. Ndipo cizolowezi cogwilila kumbuyo kwa thilaki pa citunda cilekeni. Dilaiva sadziwa kuti mulipo, ndipo akacinja giya olo kuzemba dzenje, imwe mulibe kothawila. Cinanso, lembani nambala ya felemu na kuijambula pa foni. Pa wailesi timalandila zilengezo za njinga zobedwa, koma eni ake ambili amangodziwa kuti inali yakuda.

Pali cinthu cina cimene cimanivutitsa. M'tauni tinaphunzila kuona njinga monga cizindikilo ca umphawi, pokhapo ikakhala yodula ndipo wokwelapo wavala zothina. Amene amachova na matumba atatu a malasha kucoka kumudzi usiku-usiku timamuona monga wolephela, koma tikachova makilomita 20 pa Sondo timaika zithunzi pa Facebook. Kunena zoona, akatswili a maulendo atali m'dziko muno ni amenewo: alimi, ogulitsa malasha, anyamata onyamula anthu pa kaliyala ku Chipata na ku Katete, na azimayi opita ku cipatala ca Minga na mwana kumbuyo. Iwo amadziwa tayala imene imapilila minga, na habu imene imasweka msanga. Mukafika pa Nyimba, khalani pansi na makanika, mupatseni moni mwaulemu, mumufunse. Safunsa anadya phula. Ndipo akakuuzani mtengo wa nchito yake, musanyinyilike monga wakubelani. Kuwongola wilo yopindika ni luso limene munthu amaphunzila kwa zaka.

Luso limeneli lifunikanso acinyamata. Njinga zamoto zaculuka, zoona, koma zimafuna petulo tsiku lililonse, ndipo mlimi amene amagwila ndalama kamodzi pa caka sadzasiya njinga yochova lomba apa. Mnyamata olo mtsikana amene waphunzila kumanga wilo na kukonza magiya angayambe nchito na bokosi limodzi la zitsulo. Amakanika ambili a kumidzi anakulila pa njinga za giya imodzi, pamene mauntini baiki za salaula zikungoculukila. Odziwa zonse ziwili sadzasowa makasitoma pa tsiku la msika.

Conco ngati mwaganiza zopita kwanu pa njinga caka cino, kaya ku Tuwimba kwa a Kalindawalo mu October olo kukaona cabe ambuya, citani izi sabata ino. Welengani nambala ya pa tayala. Pitani na njinga kwa makanika wa m'komboni, osati kuisiya, koma kukhala pomwepo mukuona mmene amasulila habu na mmene amangila sipoko. Mukabwelela kunyumba, cotsani wilo ya kumbuyo mwekha, tulutsani chubu, bwezelani, pompani. Mukakwanitsa zimenezo popanda wokuthandizani, ndiye kuti mwakonzeka kuoloka Luangwa.